Mphatso Zodzaza Galaja

Felistas Matewere anaipeza nyumba ija atatha zaka zambiri m'kachipinda kamodzi ku Hyattsville, ku America, komwe munthu pofuna kutsegula firiji ankayamba wasuntha mpando. Nyumbayi inali m'katauni kena kakang'ono kufupi ndi Lanham. Inali ya lendi, yakalekale, masitepe ake odandaula, koma inali ndi zipinda ziwiri, galaja, ndi kamalo kuseri komwe Felistas anafesa mpiru n'kubzala maungu kuti azidya nkhwani. Mwana wake Tiffany ankapita kusukulu wapansi. Mwini nyumba, mkulu wina wokhala ku Virginia, popereka makiyi ananena chinthu chimodzi chokha: sankafuna kumva kuti akhonsolo akumufuna chifukwa cha nyumba imeneyi. Amene ankakhalamo kale anachotsedwa pa nkhani ya galu.

Felistas ankagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. M'chipinda chapansi pa nyumba yake munkagona achimwene ake, a Sosten, amene kwawo ku Ndirande ankakonza mawailesi pakhonde la golosale. Kuno analibe khonde, koma anali ndi vani yakale ndi diso lakuthwa. Tsiku limene akhonsolo ankatola zinyalala zikuluzikulu, a Sosten ankawatsogolera m'mamawa, kutola mawailesi, ma TV ndi makompyuta otayidwa m'mphepete mwa msewu. Zambiri zinkangofuna kawaya kamodzi. Ankazikonza, Loweruka n'kukazigulitsa kumsika wa zinthu zakale. Mpunga ndi nkhuku za m'nyumbamo zinkachokera pamenepo, ndipo a Sosten ankadya osaweramitsa mutu.

Kumayambiriro kwa 1999 khonsolo ya katauniko inaika lamulo. Inati galasi la TV ndi la kompyuta lili ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'nthaka umakafika m'madzi. Choncho zinthu zimenezi zisaikidwenso pamsewu. Wofuna kutaya azipita nazo yekha kukampani ina yachilolezo, kutali ndithu, n'kulipira pa chilichonse.

Misewu inayera. A Sosten ankadzukabe m'mamawa, kuzungulira ndi vani, n'kubwera ndi mipando yothyoka imene sankadziwa n'komwe choichita.

Ndiye tsiku lina kunamveka kugogoda. Anali a Henderson, aneba awo a nyumba yachitatu, mkulu wamasiye amene anapuma pa ntchito yopereka makalata. Kumbuyo kwawo, pa kangolo koseweretsa ana, panali TV yaikulu ya bokosi la matabwa.

"Ndamva kuti zinthu izi mumazidziwa," anatero m'Chingerezi. "Ngati mungaifune, nayi."

A Sosten anapukuta manja pabuluku, n'kupereka moni dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Anathokoza mpaka a Henderson anayamba kuyang'ana kumbali. Madzulo ake Felistas anakazinga mandasi n'kuwapereka m'mbale yovundikira ndi kansalu, chifukwa chotengera cha mnzako sichibwerera chopanda kanthu, ngakhale chotengeracho chitakhala kangolo.

Sabata yomweyo kunabwera ena awiri. Yotsatirayo anthu ankachita kuimitsa vani pamsewu, kuwaitanira a Sosten m'nyumba kuti anyamule okha. Aliyense ankathokozedwa ndi manja awiri, aliyense ankalandira mbale yake. Felistas anasiya kugula ufa wa tirigu wa m'mapaketi, anagula thumba.

"Anthu a kuno mtima ali nawo," a Sosten ankatero. "Amangochedwa kuwuonetsa."

Koma kumsika zinthu zinatembenuka. Munthu ankaiyang'ana TV yokonzedwa bwinobwino, n'kufunsa kuti ikadzafa adzaitaya kuti. Wogula TV yakale tsopano ankagulira limodzi ndi mtengo wodzaitayira. A Sosten ankapita ndi vani yodzaza n'kubwera ndi vani yodzaza. Galimoto ya Felistas inayamba kugona panja.

Mu Epulo Felistas anaimba foni kwa mayi awo aang'ono ku Blantyre, ndipo nkhani kumeneko inali imodzi: Malawi wayamba wailesi yakanema yakeyake. Anthu akudzazana m'nyumba za mabwana, ana akuonera pawindo. A Sosten atamva anapita kukaima pakhomo la galaja, manja m'chiuno, ngati mlimi amene wapeza kuti chimene ankachiyesa udzu ndi mpunga.

"Dziko lonse lilibe TV," anatero. "Ife tili nazo galaja yonse. Feli, ukuiona kontena yopita kumudzi apa kapena sukuiona?"

Felistas anaiona. Sakanakana. Anaona mayi aang'ono atakhala pampando wawo m'nyumba yawoyawo, osati pamkeka m'nyumba ya eni. Lamulungu, mapemphero a Amalawi atatha m'holo imene ankabwereka, aliyense ankawakokera a Sosten pambali kuti amusungire imodzi ya amayi ake. A Sosten analeka kudikira kugogoda, anayamba kugogoda okha, mpaka misewu ya kuseri kwa sukulu. Mulu wa m'galaja unafika kudenga.

Chrissie, mnzake wa Felistas wa kuntchito, mayi wa ku Lusaka wosadziwa kusunga mawu m'kamwa, anabwera tsiku lina masana kudzathyola nkhwani. Anapeza galaja ili yasa.

"Ba Sosten, mwasegula shopu?"

"Zonsezi zikupita kumudzi, mlongo. Kontena."

Chrissie anayamba kuseka, kenako anaona nkhope ya Felistas n'kusiya.

"Nikuuzeni chabe. Ine n'natumizako imozi kuli mubale wanga ku Chilenje, kudala. Anafaka ku malaiti, yachita phu, utsi nyumba yonse. Malaiti a kwathu ni amphamvu maningi kupambana a kuno."

"Imeneyo ndi nkhani ya thiransifoma," a Sosten anatero. "Mwana wa pulayimale akhoza kukonza."

"N'natumiza ina, na thiransifoma yake. Yayaka, inde. Manje chithunzi chingothamanga monga chaona njoka, mawu kulibe. Bakuti ma TV ya ku America yali na kachitidwe kake, ya kwathu yali na kake. Sivimvana. Mubale wanga aikapo maluba pamwamba, ni tebulo manje."

"Za ku Zambia zimenezo."

"Ba Sosten, ise TV tinayamba kutamba imwe mukali kumvera mpira pa wailesi. Funsani."

Anafunsadi. Mawailesi ankawadziwa ngati zala zawo, koma ku Ndirande anali asanatsegulepo TV, popeza kunalibe yoti atsegule. Anakwera sitima kupita ku Foggy Bottom, kwa Mmalawi wina wophunzira za magetsi kuyunivesite. Iyenso anawauza zomwe zija ananena Chrissie. Anatsikira m'chipinda chawo n'kukana chakudya.

Lolemba lotsatira, Felistas akuchokera kuntchito, anapeza galimoto yoyera ya khonsolo itaima pakhomo. Mayi wina wovala jekete ya buluu anali ataima kutsogolo kwa galaja, akuwerenga ndi cholembera m'mwamba. Anali waulemu. Anafotokoza kuti lamulo lija lili ndi mbali yachiwiri imene anthu ambiri saiwerenga: nyumba yokhalamo anthu si malo osungira zinthu zimenezi. Zogwiritsa ntchito m'nyumba, palibe vuto. Zounjika, ayi. Anati adzabweranso mwezi ukatha, ndipo mwini nyumba adziwitsidwa, chifukwa chindapusa chimapita kwa iye.

Mwini nyumba anaimba foni Felistas asanavule n'komwe yunifolomu. Sanakalipe. Anati mayi uja akadzapeza kanthu m'galaja, Felistas ayambe kuyang'ana kwina, ndipo iye sadzalemba kalata yabwino kwa mwini nyumba wina aliyense.

Felistas anaika foni pansi n'kuyang'ana pawindo la kukhitchini. Maungu anali atayamba kuyanga.

Anaimbira kampani yachilolezo ija. Mtengo umene anamuuza, atauchulukitsa ndi mulu wa m'galaja, anangothokoza n'kudula foni. Anatsikira kwa achimwene ake, amene anali atagona chagada, nsapato zili kuphazi.

"Kuli nkhalango kuseri kwa mashopu aja," a Sosten anatero akuyang'ana kudenga. "Maulendo anayi basi, tazitaya zonse."

"Ndi vani imene tauni yonse ikuidziwa? Mukagwidwa, ine chilolezo changa cha ntchito ndikachitola kuti?"

"Ndiye titumize basi. Kumudzi anthu agula. Adzazindikira atagula kale."

"Mukagulitsa kwa ndani, achimwene? Kwa amalume? Kapena kwa amayi a mlembi wa mpingo?"

A Sosten anatembenukira kukhoma.

M'mawa mwake Felistas anasinthana shifiti ndi Chrissie n'kupita kuofesi ya khonsolo. Sanapite kukadandaula. Zaka zake pantchito zinamuphunzitsa kuti lamulo lili ngati wodwala wamakani: usalimbane nalo, lifunse kuti limagonera mbali iti. Anapempha kalaliki, mayi wachikulire wa magalasi a tcheni, kuti amuwerengere lamulo lonse kuyambira pamwamba. Chakumapeto kwake kunali ndime yakuti kamodzi pachaka khonsolo imalandira zinthuzi mwaulere pabwalo lake, ziwiri pa nyumba iliyonse, bola mwini wake abwere yekha ndi chiphaso chosonyeza kuti amakhala m'tauniyo. Tsikulo linali Loweruka lomaliza la mwezi womwewo. Khonsolo inalilengeza m'kanyuzi kake kamene anthu ankayala pansi pa mbale ya mphaka.

"Nanga munthu akabwera ndi TV imene si yake?" Felistas anafunsa.

Kalaliki anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Timafunsa kumene munthu amakhala. Sitifunsa kumene TV inabadwira."

Amalawi a kutchalitchi sakanathandiza. Ankakhala ku Hyattsville, ku Lanham, ku Silver Spring, koma m'katauniko Mmalawi anali Felistas yekha. Pankafunika nyumba pafupifupi makumi atatu za m'tauni momwemo. Ndipo nyumba zimene Felistas ankazidziwa zinali zomwe zija zinadya mandasi ake.

"Ayi," a Sosten anatero atamva. Apa anadzuka, anakhala tsonga. "Zimenezo ndiye ayi. Munthu wakupatsa chinthu, wathokoza, wadya za m'mbale yako, lero ukamugogodere kuti tengani chinthu chanu? Unaleredwa kuti iwe? Mphatso sabweza."

"Sizinali mphatso."

"Nanga zinali chiyani?"

"Anatitula mtolo, achimwene. Ife n'kuwakazingira mandasi."

Anazinena mouma, koma pamene ankakwera masitepe a nyumba ya a Henderson madzulo a tsikulo, mumtima ankagwirizana ndi achimwene ake. Kwawo anaonapo mkazi akubweza nsalu kwa apongozi ake, ndipo mabanja awiriwo sanayenderanenso ngakhale pamaliro. Anagogoda pang'onopang'ono, akuyembekeza kuti mwina kulibe anthu.

A Henderson analipo. Anamulowetsa, n'kumuonetsa mpando. Felistas anafunsa za thanzi lawo. Anafunsa za ana awo a ku Atlanta. Anayamikira maluwa a pakhonde, anadandaula nawo za mungu wa chaka chino. A Henderson ankayankha, koma nkhope yawo inkaonetsa munthu amene akuganiza kuti wabwereredwa ndi a chipembedzo.

"Mayi Matewere," anatero potsiriza, "mwabwera ndi nkhani, kapena tipitirize za maluwa?"

Felistas anapuma mpweya wautali n'kuinena yonse: kontena, mayi wa jekete ya buluu, mwini nyumba, Loweruka lomaliza. Pa mawu akuti kubweza anadumphapo. Anati akupempha kuti a Henderson aiperekeze TV yawo ija.

A Henderson anakanda chibwano. "Ndinkayesa achimwene anu akudziwa. Ndinkayesa ndi bizinesi, ali ndi kokataya. Zokazinga zanu zija zitabwera ndinasowa chonena. Ndinati ndikanena, ndiwachititsa manyazi." Anatambasula manja. "Ndiye ndinadya."

"Zinali bwanji?"

"Zabwino kwambiri. N'chifukwa chake sindinanene."

Felistas anaseka. Mkuluyu sanaone ngati wanyozedwa. Ankangodabwa kuti Felistas anachedwa bwanji kubwera.

"Vuto ndi limodzi," a Henderson anapitiriza. "Galimoto ndinasiya kuyendetsa, ndipo nsapato sindivala mwezi wachiwiri uno. Pabwalo la khonsolo sindingapite ndi izi."

Felistas anali ataziona kale. Munthu wa ntchito yake amayamba kuyang'ana mapazi asanayang'ane nkhope. Mkuluyu anavala masilipasi odula kutsogolo, ndipo zikhadabo za kuphazi zinali zitakula, zitakhota, zina zitayamba kulowa m'mnofu. Msana sunkawalola kuwerama, ndipo manyazi sankawalola kuuza ana awo pafoni.

"Muli ndi beseni?" anafunsa.

Anawaviika mapazi m'madzi ofunda, n'kuthamangira kunyumba kukatenga chowengera chake chachikulu. Ntchitoyo inatenga nthawi. Itatha, a Henderson anavala nsapato zawo za kutchalitchi n'kuyenda uku ndi uku pabalaza, akupondaponda ngati mwana amene wagulidwa zatsopano.

"Ziwiri," anatero. "Yanga ija ndi ina iliyonse. Ndipo mupite kwa mayi Lorraine, nyumba ya chitseko chofiira. Amuna awo sadzuka pabedi, ndipo iwo sanapondeko kutchalitchi chiyambire Khirisimasi."

Umu ndi mmene zinayambira. Tsiku lililonse akaweruka, Felistas ankasiya yunifolomu ili m'thupi, chifukwa anaona kuti imatsegulitsa zitseko, n'kuyenda khomo ndi khomo. Nkhani ya maluwa anaisiya. Ankanena chimene wabwerera, kenako n'kuyang'ana chimene nyumbayo ikusowa. Kwa mayi Lorraine analonjeza kukhala ndi wodwala Lamulungu m'mawa. Kwina anatsuka tsitsi la gogo amene mikono yake sinkafikanso kumutu. Kwina anaonetsa mwana wamkazi mmene angatembenuzire bambo ake osadzithyola msana. Malo a ma TV awiri a nyumba iliyonse pa tsiku laulere lija, amene dzulo lake palibe ankadziwa kuti ali nawo, anayamba kukhala ndi mtengo, ndipo anthu anauzindikira msanga. Bambo wina anafuna kutchetcheredwa udzu chilimwe chonse. Felistas anamutsitsa mpaka mwezi umodzi.

Si onse analola. Mayi wina wa mumsewu wa kuseri kwa sukulu anamvetsera unyolo wa chitseko uli chikolekere, n'kunena kuti chimene anapereka anapereka. Ena anati, popeza tsiku laulere lilipo, atayako zawo zimene zatsala m'nyumba, zikomo powauza. M'nyumba ina munatuluka galu. Felistas ankabwerera mapazi atatupa, n'kukapeza a Sosten atakhala m'vani yozima, akumvera wailesi.

"Mukundiperekeza mawa," anawauza tsiku lina. "Mayi a pakona belu lawo la pachitseko silikulira, ndipo makina awo opopera fumbi akununkha waya."

"Ine ndikaime pakhomo la munthu amene ndinamuthokoza ndi manja awiri?"

"Mukaima ndi sikuludiraiva. Manja awiri sakhalapo."

A Sosten anapita, chipewa atachikokera kumaso. Belu linalira, makina anasiya kununkha, ndipo mayi a pakonawo anawapatsa khofi n'kuwauza kuti mchemwali wawo naye ali ndi wailesi yovuta. A Sosten sanavomere kuti Felistas ankanena zoona. Anangoyamba kufunsa m'mawa uliwonse kuti lero ndi nyumba iti.

Loweruka lija kunacha kotentha. Bwalo la khonsolo linkatsegulidwa m'mawa n'kutsekedwa dzuwa lili pamutu. Vani inali ndi malo a anthu awiri okha kutsogolo pambali pa woyendetsa, choncho ulendo uliwonse unkanyamula anthu awiri ndi ma TV anayi. Felistas ankatsatira pambuyo ndi galimoto yake, atanyamula ena atatu, ma TV ang'onoang'ono ali m'buti ndi pamiyendo. Chrissie anatsala pagalaja kulandira obwera ndi kuwapatsa mipando pamthunzi.

Okalamba aja anabwera atatchena. Mayi Lorraine anavala chipewa cha maluwa. A Henderson anavala tayi ndi nsapato zija, n'kudzisankha okha kukhala woitana mayina, ntchito imene palibe anawapatsa. Ena anali asanaonane zaka zambiri ngakhale ankakhala msewu umodzi, ndipo Felistas ankachita kuwadula nkhani kuti akwere. Gogo wina anaiwala chiphaso, anabwerera nacho cha malemu amuna ake, anabwereranso kachiwiri. Wina atafika pabwalo anaizindikira TV yake yakale, n'kuyamba kufotokozera anyamata onyamula za tsiku limene anaigula, mzere wonse ukudikira.

Mnyamata wa pachipata, ataiona vani kachisanu, anasuzumira mkati.

"Inu ndinu a tchalitchi?"

"Ndife aneba," a Henderson anayankha ali kutsogolo, ngakhale ulendo wawo unali utatha kale.

A Sosten ankanyamula, malaya atanyowa mpaka m'chiuno. Ma TV a matabwa aja ankalemera ngati maliro a munthu wonenepa. Pa ulendo wina Felistas anawaona ataima ndi akuluakulu a kampani yachilolezo, imene malole ake ndi amene ankalandira katunduyo m'malo mwa khonsolo. Ankaloza vani yawo, akuluakuluwo ankapukusa mitu mwaulemu. Felistas analibe nthawi yofunsa.

Chipata chinatsekedwa anthu a ziphaso atatha kale. Nyumba zinayi zimene zinalonjeza sizinabwere. Felistas anaima m'galaja, imene tsopano inkabweza mawu ngati tchalitchi chopanda anthu, n'kuyang'ana pakona. Panatsala ma TV asanu ndi atatu.

"Nkhalango ija ikadalipo," a Sosten anatero, koma mopanda mphamvu.

"Izi zikugwira ntchito?"

"Ndinazikonza ndekha."

"Ndiye tinyamule. Anati zogwiritsa ntchito m'nyumba palibe vuto."

Mayi wa jekete ya buluu anabwera mwezi utangotha, monga ananenera. Analowa m'galaja, anayang'ana m'makona, anayang'ana kudenga. Munali galimoto ya Felistas ndi khasu. Kenako anapendeketsa mutu, chifukwa m'nyumba munkamveka ngati muli msonkhano umene aliyense ndi wapampando.

"Ndingalowe?"

Pabalaza panali ma TV awiri, ina ikuonetsa nkhani, ina zanyengo. Kukhitchini, pamwamba pa firiji, mayi wina ankaphunzitsa kuphika nsomba. Kuchipinda kwa Tiffany kunali zidole zolankhula, kwa Felistas mlaliki. Pansi, kwa a Sosten, mpira unkamveka pawiri. Mayi uja anakankha chitseko cha bafa. Pamwamba pa basiketi ya zovala, kutali ndi madzi, ka TV kakang'ono kankatsatsa mipeni.

"Zonsezi mumazigwiritsa ntchito?"

"Monga mukuonera," Felistas anatero.

"Ndi ya m'bafayi?"

"Achimwene anga amachedwa posamba."

Mayi uja anayang'ana a Sosten, amene anaima m'khonde manja kumbuyo ngati mboni. Anayang'ananso ka TV kaja. Pakamwa pake panagwedezeka pang'ono, koma anali munthu wa boma, ndipo anadzigwira.

"Iyi muichotse. Madzi ndi magetsi sizigwirizana. Muiike kwina kulikonse, bola osati m'galaja." Analemba mzere umodzi. "Ndiuza mwini nyumba kuti nkhani yatha."

Galimoto yoyera itachoka, Felistas anayenda chipinda ndi chipinda akuzimitsa. Nyumba inakhala chete. Anakhala pa sitepe ya kukhitchini, chitseko cha kuseri chili chotsegula. A Sosten anabwera ndi ka TV ka m'bafa m'manja, akusowa pokaika.

"Ndinawafunsa a kampani aja," anatero. "Za chilolezo. Akuti pamafunika malo kudera la mafakitale, inshuwalansi, ndi pansi pa simenti. Akuti m'dera lonse lino makampani otere ndi awiri okha, ndipo matauni ena akufuna kuika lamulo lomweli." Anasuntha ka TV kaja kupita kudzanja lina. "Awiri okha, Feli. Ukuona mpata umenewo?"

"Ndikuuona."

"Ndiye?"

"Ndiye mukapeze pansi pa simenti pamene si panga."

Anadzuka, n'kutenga chikwama chake cha ntchito pa msomali. Kunyumba ya pakona kunali mapazi awiri amene anawalonjeza Lachiwiri, ndipo Lachiwiri linali lomwelo.